Nsomba ndi za yani? Mafunso ndi mayankho pa usodzi wa eni nthaka ndi ulamuliro wogawana ndi boma

Ku Canada, America, New Zealand, Australia ndi kumpoto kwa Ulaya, mkangano wa nsomba pakati pa eni nthaka ndi boma ndi wakale kuposa maofesi amene amauweruza lero. Masiku ano maboma amakonda kunena kuti usodzi akuuyendetsa "limodzi" ndi eni nthaka. Mawuwo amakoma m'khutu, koma kwina amatanthauza kugawana mphamvu zenizeni, kwina amangotanthauza kuitanidwa kumsonkhano nkudzamva zimene zagamulidwa kale.

Kodi tikati eni nthaka tikunena ndani?

Tikunena mitundu ya anthu imene idali kale pamalopo, ili ndi mafumu ake, madooko ake ndi malamulo ake, atsamunda asanafike nkukhazikitsa boma limene lilipo lero. Ena mwa iwo ndi a Māori ku New Zealand, a Mi'kmaq, a Musqueam, a Heiltsuk ndi a Inuit ku Canada, a Nisqually ndi a Yurok ku America, a Yolngu ku Australia, komanso a Sámi ku Norway, Sweden ndi Finland. Zilankhulo zawo sizifanana, nsomba zawonso sizifanana. Chimene chikuwaika m'gulu limodzi nchakuti aliyense adali ndi njira yake yodziwira woyenera kusodza pati, liti, ndi zingati, boma lisanabwere ndi malaisensi ake.

Nchifukwa chiyani iwo akhale ndi ufulu wosiyana ndi wa nzika zina? Limeneli si tsankho?

Funsoli limabwera nthawi zonse, ndipo amene amalifunsa mokwiya kwambiri amakhala msodzi amene adatenga ngongole kubanki kuti agule boti ndi laisensi. Mkwiyo wake ndi womveka, koma pamene amalakwitsa ndi poganiza kuti ufuluwu boma lidachita kuwapatsa eni nthaka ngati mphatso. Malo ambiri sizidayende choncho. Eni nthaka adapereka nthaka, nsomba nkuzisunga.

Taonani za chigawo cha Washington ku America. Mu 1854 ndi 1855 bwanamkubwa Isaac Stevens adasainirana mapangano ndi mitundu ya kumeneko. Mitunduyo idasiya malo aakulu kwambiri, koma m'mapanganomo mudalembedwa kuti idzapitiriza kusodza m'malo ake a masiku onse. Ku New Zealand, pangano la Waitangi la mu 1840 lidatchula usodzi mwachindunji pa zinthu zimene a Māori adzakhala nazo osasokonezedwa. Ku Canada, gawo 35 la malamulo aakulu a dziko a mu 1982 limavomereza maufulu amene eni nthaka adali nawo kale pamodzi ndi a m'mapangano. Choncho khoti likamaweruza nkhani zoterezi silifunsa za khungu la munthu. Limafunsa kuti pangano lidati chiyani, ndipo mbali iliyonse idasunga mawu ake kapena ayi.

Ngati mapangano adalipo, chidavuta nchiyani?

Adaikidwa m'kabati. Kwa zaka pafupifupi 100 boma la Washington linkasunga malamulo ake a usodzi ngati kuti mapangano aja kulibe. Asilikali a zanyama ndi nsomba ankalanda maukonde, kulanda mabwato, kumanga anthu pamtsinje umene makolo awo adasodzapo chikhalire. Billy Frank Jr., wa mtundu wa Nisqually, adamangidwa koyamba ali ndi zaka 14, ndipo m'moyo wake adamangidwa koposa ka 50 pa mlandu womwewo wosodza nsomba za salmon. M'zaka za m'ma 1960 iye ndi anzake adayamba kusodza poyera masanasana, atolankhani akuona, kuti amangidwe dziko lonse likupenya.

Nkhaniyi idathera m'khoti la boma lalikulu la America. Pa 12 February 1974 jaji George Boldt adagamula kuti mawu a m'pangano akuti eni nthaka azisodza "pamodzi" ndi nzika zina amatanthauza kugawana pakati: theka la nsomba zololedwa kugwidwa ndi la mitundu ya m'mapangano. Adanenanso kuti mitunduyo ili ndi mphamvu yoyang'anira asodzi ake. Kudali chipwirikiti. Asodzi ena adapachika zidole zoimira jajiyo, ena nkumangosodzabe mosalabadira chigamulo, mpaka Khoti Lalikulu la dzikolo lidagwirizana ndi mfundo yaikulu ya Boldt mu 1979.

Chimene anthu amaiwala nchakuti kugawana theka ndi theka kudakakamiza mbali ziwirizi kuwerenga nsomba limodzi. Simungagawe pakati chinthu chimene simudagwirizane kuchuluka kwake. Ulamuliro wogawana ku Washington udabadwira pamenepo, osati pa chikondi ayi.

Tsono "kuyendetsa limodzi" kumaoneka bwanji pa ntchito ya tsiku ndi tsiku?

Kulibe chithunzi chimodzi. Ku Washington, chaka chilichonse nyengo ya salmon isanayambe, akatswiri a boma ndi a mitundu 20 ya kumadzulo kwa chigawocho amakhala pansi kwa milungu ingapo pa zokambirana zotchedwa North of Falcon. Amayamba ndi kuyerekeza kuti mtsinje uliwonse ubweza nsomba zingati, kenaka zingati ziyenera kusiyidwa kuti zikaswane, zotsalazo ndiye zogawana: tsiku lakuti, malo akuti, ukonde wa maso akuti. Mitunduyo ili ndi akatswiri ake a sayansi, malo ake oswetsera nsomba, apolisi ake a pamadzi ndi makhoti ake. Msodzi wa mtundu akaphwanya lamulo amakayankha kwawo.

Kumpoto kwa Canada njira ndi ina. Pangano la Nunavut la mu 1993 lidakhazikitsa bungwe loyang'anira nyama ndi nsomba lotchedwa Nunavut Wildlife Management Board. Anthu anayi amasankhidwa ndi mabungwe a Inuit, anayi ndi boma, kuwonjezapo wapampando. Bungweli limamva maumboni a alenje, asodzi ndi akatswiri, nkupanga chigamulo.

Ndiye pali njira yachitatu, yomwe ndi yofala kwambiri ngakhale maboma saitama nayo: komiti yolangiza. Eni nthaka amapatsidwa mipando, amalankhula, mlembi amalemba, aliyense nkubwerera kwawo. Patatha mwezi ofesi ya boma imatulutsa chidziwitso chimene chidakonzedwa msonkhano usanachitike. Izinso m'malipoti a boma zimalembedwa kuti ndi ulamuliro wogawana.

Nanga mbali ziwirizi zikasemphana, mawu omaliza ndi a yani?

Kwa ine funso lenileni ndi limeneli, ndipo mukamawerenga mgwirizano uliwonse yambirani pa ndime imene ikuliyankha. Mawu oyamikirana a patsamba loyamba musataye nawo nthawi.

Ku Nunavut, chigamulo cha bungwe lija chimapita kwa nduna. Nduna ikhoza kuchikana, koma iyenera kulemba zifukwa. Bungwe limachiunikanso nkutumiza chigamulo chomaliza, ndipo apo nduna ikhoza kuvomera, kukana kapena kusintha. Cholembera chomaliza chili m'manja mwa boma. Komabe musapeputse lamulo lolemba zifukwalo. Nduna ikalemba chifukwa chopanda mutu, pepalalo limasanduka umboni kukhoti, ndipo nduna zimadziwa zimenezo.

Ku Washington zinthu zidaima mwina: palibe mbali imene ingangolamula inzake, ndipo zikavuta amapita kwa jaji. Mu 2016 adalephera kumvana pa nthawi yake, ndipo usodzi wa salmon m'madera ambiri a nyanja ya Puget Sound udayamba watsekedwa kwa milungu ingapo mpaka adagwirizana. Anthu adadandaula kwambiri, koma kutsekako kudaonetsa kuti "ayi" wa eni nthaka amaimitsadi zinthu. Komiti yolangiza ikati ayi, maboti amapita kunyanja mawa lake monga mwa masiku onse.

Kodi ufuluwu ndi wosodza zodya zokha, kapena ndi zogulitsa zomwe?

Apa ndi pamene pamatentha, chifukwa ndi pamene pali ndalama. Canada ndiye chitsanzo chabwino cha mmene nkhaniyi imazungulira.

Mu 1984 Ronald Sparrow, wa mtundu wa Musqueam, adagwidwa pamtsinje wa Fraser ali ndi ukonde wa mamita pafupifupi 82, pamene laisensi inkalola mamita 46. Mu 1990 Khoti Lalikulu la Canada lidayala ndondomeko imene ikutsatidwa mpaka lero: choyamba kuteteza nsomba kuti zisathe, chachiwiri usodzi wa eni nthaka wa chakudya ndi miyambo, kenaka ena onse, amalonda ndi osodza mongosangalala. Lidanenanso kuti boma likafuna kuchepetsa ufuluwo liyenera kupereka zifukwa zomveka. Patatha zaka ziwiri, mu 1992, unduna wa za usodzi udayambitsa ndondomeko yopangana ndi mitundu payokhapayokha.

Za malonda zidabwera ndi Donald Marshall Jr., wa mtundu wa Mi'kmaq ku Nova Scotia. Mu 1993 adagwira mikunga yolemera makilogalamu pafupifupi 210 nkuigulitsa madola 787.10 a ku Canada, opanda laisensi, nyengo yotseka. Pa 17 September 1999 Khoti Lalikulu lidati mapangano a mu 1760 ndi 1761 amalola a Mi'kmaq kusodza nkugulitsa kuti apeze zofunika pa moyo, osati kudzikundikira chuma. Patangopita miyezi iwiri khoti lomwelo lidawonjezera kuti boma likhoza kuikabe malire pofuna kuteteza nsomba, bola lipereke zifukwa. Koma malire a "zofunika pa moyo" ali pati? Khoti silidatchule nambala. Boma lidasankha kugula malaisensi ndi maboti nkupatsa mitunduyo kuti ilowe mu usodzi wamalonda potsata malamulo a boma omwe aja, funso lenilenilo nkulisiya m'malere.

Zotsatira zake zidaoneka ku Burnt Church, mudzi wa a Mi'kmaq ku New Brunswick, chigamulo chitangotuluka, pomwe miono ya nkhanu za lobster idaonongedwa ndipo maboti adagundana. Zidabwereranso mu September 2020, pamene a Sipekne'katik, gulu lina la a Mi'kmaq ku Nova Scotia, adatopa kudikira nkuyamba kupereka malaisensi awoawo ku Saulnierville. Zingwe za miono yawo zidadulidwa, ndipo mu October nyumba yosungiramo lobster ku Middle West Pubnico idapsa ndi moto. Zaka 21 zidadutsa pakati pa chigamulo ndi motowo. Nthawi yonseyo msodzi wa Mi'kmaq ndi msodzi mnzake wa m'mudzi woyandikana adasiyidwa kuti akangane okha padooko pa funso limene lidayenera kuyankhidwa ku Ottawa, likulu la dzikolo.

Sangamalize nsomba akapatsidwa mphamvu zotere?

Munthu aliyense wokhala ndi injini ndi ukonde wa nayiloni angamalize nsomba, mwini nthaka kapena mlendo. Kunena kuti eni nthaka salakwa nkunama, ndipo mitundu yambiri ili ndi apolisi ake a pamadzi chifukwa imadziwa anthu ake. Koma mbiri ikuonetsa kuti nthawi zambiri amene amapempha kuti kutsekedwe ndi iwo, boma ndiye likufuna kutsegula.

Mu March 2015 a Heiltsuk adakakhala mu ofesi ya unduna wa za usodzi pachilumba cha Denny m'chigawo cha British Columbia ku Canada, osatulukamo, chifukwa undunawo udalola maboti amalonda kugwira nsomba za herring pamene iwo ankati nsombazo sizidachuluke. Kusiyana kwa njira zawo nkofunika kukumvetsa. Maboti amalonda amagwira nsomba yonse kuti atumbule mazira, ndipo nsombayo yafa basi. A Heiltsuk amamiza m'madzi nthambi za mitengo kapena zomera za m'nyanja zotchedwa kelp pamalo pamene herring zimaswanira. Nsomba zimabwera, madzi nkuyera ngati mkaka, zimaikira mazira panthambipo, kenaka zimapita zamoyo kuti zidzabwerenso chaka chamawa. Munthu amangovuula nthambi yolemera ndi mazira. Atakhala mu ofesimo masiku angapo, usodzi wamalonda m'dera lawo udatsekedwa chaka chimenecho, ndipo pambuyo pake mbali ziwirizi zidayamba kukonzera limodzi dongosolo la herring.

A Māori ali ndi mwambo wotchedwa rāhui, kuletsa kwa kanthawi kutenga zinthu pamalo akuti. Mu 2021 a Ngāti Pāoa, limodzi mwa mafuko awo, adaika rāhui kuzungulira chilumba cha Waiheke, ndipo kenaka boma lidaikapo lamulo lake lotseka. Rāhui payokha imadalira ulemu wa anthu. Lamulo la boma likalowapo, wophwanya amalipira chindapusa.

Anthu ena amati New Zealand ndiyo idakonza bwino nkhaniyi. Nzoona?

Pa ndalama, a Māori adapeza zambiri ndithu. Mu 1986 boma lidayambitsa makota, kugawa ufulu wogwira nsomba ngati katundu wogulitsika, osaganizira za pangano la Waitangi. A Māori adapita kukhoti nkuimitsa ntchitoyo. Mu 1989 adapatsidwa magawo 10 pa 100 a makota, ndipo mu 1992 boma lidapereka madola 150 miliyoni a ku New Zealand kuti agule theka la kampani ya nsomba ya Sealord, kuwonjezapo magawo 20 pa 100 a kota ya mtundu uliwonse wa nsomba umene udzalowe m'dongosololi mtsogolo. Lero mafuko a Māori ndi ena mwa eni ake akuluakulu a malonda a nsomba m'dzikomo.

Mtengo wake udali wakuti madandaulo onse a usodzi wamalonda atsekedwe mpaka kalekale, ndipo si a Māori onse adavomera. Ena amati ufulu wa mfumu pa nyanja yake udasinthanitsidwa ndi masheya a kampani.

Usodzi wa mwambo uli ndi njira yakeyake. Banja likakhala ndi maliro kapena msonkhano waukulu, limapita kwa munthu amene fuko lidamusankha kukhala woyang'anira, kaitiaki. Iye amalemba chikalata: mtundu wa nsomba, kuchuluka kwake, malo, tsiku, ndi amene akasodze. Msodzi amanyamula pepalalo, ndipo woyendera wa boma akamupeza padooko amaliwerenga nkumusiya. Zogwidwazo sizigulitsidwa.

Ngakhale kumeneko boma limaiwala mnzake. Mu 2015 nduna yaikulu John Key idalengeza ku United Nations kuti nyanja yozungulira zilumba za Kermadec idzatsekedwa kwa asodzi, osakambirana mokwanira ndi eni makota a mu 1992. Bungwe loimira a Māori pa za usodzi, Te Ohu Kaimoana, lidakamang'ala kukhoti, nkhani idakoka zaka, ndipo mu 2024 boma lidaisiya. Cholinga choteteza nyanja chidali chabwino, koma chidafera pa kayambidwe kake.

Nzeru za makolo ndi sayansi zimagwirizana bwanji?

Zimagwirizana bwino pamadzi kuposa pamsonkhano. Katswiri ali ndi manambala a zaka 30 kapena 40, pamene agogo amakumbukira mtsinje umene udali ndi nsomba kalembera asanayambe. Vuto limabwera pamene nzeruzo zimangolembedwa m'ndime imodzi kumapeto kwa lipoti, chigamulo chitapangidwa ndi kompyuta. Mitundu imene imamveka mawu ndi imene ili ndi zonse ziwiri: akuluakulu odziwa madzi, ndi akatswiri awoawo otha kutsutsa manambala a boma mzere ndi mzere. Zimenezi zimafuna ndalama za chaka ndi chaka. Ndalamazo zikamachokera ku unduna womwewo umene mukutsutsana nawo, mukudziwa kale mmene pakamwa pamalemerera.

Ufulu wosodza uli ndi phindu lanji ngati nsomba zatha?

Theka la chinthu chimene kulibe ndi chabe, ndipo mitundu ya ku Washington idazindikira zimenezi msanga. Tangoganizani kalavati pansi pa msewu: paipi yopapatiza, madzi akutuluka mothamanga nkugwera pansi kuchokera m'mwamba. Salmon yachoka kunyanja yaikulu, yakwera mtsinje kufuna kamfuleni kamene idabadwira, yafika pamenepo. Ilumpha, imenya konkire, igwa, ilumphanso mpaka mphamvu zithe. Kumtunda kwa msewuwo kuli malo abwino oswanira opanda nsomba ngakhale imodzi. Mitunduyo idasumira boma la Washington chifukwa cha makalavati otere mazanamazana. Mu 2013 khoti lidalamula kuti akonzedwe, ndipo mu 2018 majaji a Khoti Lalikulu adagawanika anayi kwa anayi, choncho chigamulocho chidakhalabe.

Madamu nawo ndi nkhani yomweyo. Mathithi a Celilo pamtsinje wa Columbia ku America, pomwe anthu adasodzapo zaka zikwizikwi, adamira mu 1957 chifukwa cha damu la The Dalles.  Koma zinthu zayamba kubwerera kwina: madamu awiri a pamtsinje wa Elwha adagwetsedwa pakati pa 2011 ndi 2014, ndipo anayi a pa Klamath adachotsedwa pofika 2024, a Yurok ndi a Karuk atalimbana nawo kwa zaka zoposa 20 chichitikire imfa ya salmon zoposa 30,000 mu 2002.

Kwina nkhani ndi yowawa. Pamtsinje wa Deatnu, umene ena amautcha Tana, m'malire a Norway ndi Finland, usodzi wa salmon udatsekedwa mu 2021 chifukwa nsomba zidachepa. Chaka chotsatira Khoti Lalikulu la Finland lidamasula asodzi a Sámi amene adaimbidwa mlandu wophwanya malamulo a usodzi, ponena kuti malamulowo adapondereza chikhalidwe chawo mopyola muyeso. Adapambana mlandu nsomba zitasowa kale.

Chikalata cha United Nations cha mu 2007 cha maufulu a eni nthaka chidasinthapo kanthu?

Pang'ono. Canada, America, Australia ndi New Zealand adachikana poyamba, kenaka onse adadzachivomera. Chimanena kuti eni nthaka afunsidwe ndi cholinga choti avomereze mwaufulu, atauzidwa zonse, ntchito yokhudza malo ndi madzi awo isanayambe. Pachokha sichimanga boma. British Columbia idachiika m'malamulo ake mu 2019, Canada mu 2021, ndipo makhoti akadali kuunika kuti zimenezo zikutanthauza chiyani pa nsomba.

Ndani amalankhulira eni nthaka pa zokambirana zimenezi?

Boma limakonda munthu mmodzi woti asaine, koma eni nthaka si gulu limodzi. Ku British Columbia kuli mafumu a chibadwidwe, kulinso makhonsolo osankhidwa amene adabwera ndi lamulo la atsamunda, ndipo nthawi zina samvana. Mtundu wa kumatsiriro a mtsinje umagwira nsomba zimene mtundu wa kumtunda ukudikira. Ku New Zealand, chuma cha mu 1992 chidakhala zaka 12 chisanagawidwe, mafuko akukangana ngati chigawidwe potengera kutalika kwa gombe la fuko kapena kuchuluka kwa anthu ake, mpaka lamulo la mu 2004 lidaphatikiza njira ziwirizo.

Ku Washington, mlandu wa Boldt sudatsekedwe mpaka lero. Udakali m'khoti lomwelo, ndipo nkhani zambiri zimene zimalowamo masiku ano si za mtundu ndi boma ayi, koma za mtundu ndi mtundu unzake, kukangana kuti malo osodzapo a makolo a uyu amalekeza pati ndipo a uyo amayambira pati.